Kodi mayi ake a Precious mufilimu ija ndi wodwala maganizo?

Tadala:
Anzanga, ndaonera filimu ya Precious, ija ya 2009 yomwe anatsogolera Lee Daniels, ndipo pali funso lomwe landikhala pamtima. Amene simunaionere dziwani kuti pano tiulula nkhani yonse, komanso muli za kugwiririra ana. Precious ndi mtsikana wa zaka 16 wa ku Harlem mumzinda wa New York, m'chaka cha 1987. Ali ndi pakati kachiwiri, ndipo mimba zonse ziwiri anamupatsa ndi bambo ake omubereka, Carl. Mayi ake, Mary, amamumenya, kumutukwana tsiku ndi tsiku, kumugenda ndi ziwiya, nkumamuuza kuti sukulu siimuthandiza kanthu, bola akalembetse ndalama za chithandizo cha boma. Funso langa lili pa Mary. Kodi mayi ameneyu ndi wodwala maganizo, kapena mutu wake uli bwinobwino koma ndi wankhanza basi? Mufilimu monse palibe dokotala amene akumuyeza, palibe amene akutchula matenda. Inu munamuona bwanji?

Chifundo:
Achemwali, apa palibe chovuta. Mayi uja ndi wodwala. Kumbukirani tsiku lomwe Precious akuchokera kuchipatala ndi khanda lake, Abdul. Mary akupempha kuti amunyamuleko mdzukulu wake, kenako akumugwetsa pansi dala nkuyamba kumenya Precious. Mtsikana uja akuthawa mwana ali m'manja, akugwa pa masitepe, mayiyo akunyamula TV yonse nkuiponya kuchokera pamwamba kuti iwagwere. Munthu wolongosoka sangachite zimenezo kwa mwana wobereka yekha. Taonaninso moyo wake: tsiku lonse ali pampando, fodya kukamwa, maso pa TV, nyumba ya mdima, alibe mnzake womuchezera. Kodi zimenezo si zizindikiro?

Nabanda:
Achimwene Chifundo, inu mwatenga tsiku la TV, ine nditenga tsiku lina. Tsiku lomwe mayi wa ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu akubwera kudzayendera pakhomo. Mwana woyamba wa Precious, yemwe ali ndi Down syndrome, vuto lobadwa nalo lomwe limachedwetsa kukula ndi kuphunzira, sakhala m'nyumbamo, amakhala ndi agogo. Koma Mary amalandira ndalama ngati kuti mwanayo amamusunga ndi iyeyo. Ndiye tsikulo agogo akubwera naye mwana, Mary akuvala wigi, akumukhazika pamiyendo, mawu ake afewa, akuyankha mlendo mwaulemu ndithu. Mlendo atangotuluka, akumukankha mwanayo nkuyambiranso kutukwana. Ndifunseni ine kuti chikuoneka apo n'chiyani. Chikuoneka n'chakuti mayiyu akudziwa bwino lomwe mmene mayi wabwino amakhalira, akudziwa kuti zomwe amachita zikadziwika ndalama zitha, ndipo amatha kudzigwira pamene kudzigwirako kukumupindulira. Nkhanza zake zimadikira kuti chitseko chitsekedwe.

Mphatso:
Apo Nabanda mwalasa. Inenso pa wigi paja m'pamene ndinasiya kumumvera chisoni.

Chifundo:
Koma odwala ena amatha kubisa kwa kanthawi. Si onse amene amayenda mumsewu akutola zinyalala. Munthu akhoza kudzigwira mphindi 20 pamaso pa mlendo koma ali wodwala ndithu.

Mayi Nkhoma:
Ndilowererepo, chifukwa ine ndine namwino ndipo ndimagwira ntchito ndi odwala matenda a maganizo. A Chifundo mukunena zoona kuti matendawa sakhala a mtundu umodzi, ndipo ambiri odwala simungawazindikire powaona. Koma tiyeni tisiyanitse zinthu.

Pali matenda amene amachititsa munthu kuona kapena kumva zinthu zomwe palibe, kapena kukhulupirira molimba zinthu zosatheka, monga zimakhalira pa schizophrenia. Mwa Mary ine sindinaone zimenezo. Samva mawu omulamula, sasokoneza tsiku kapena malo, amadziwa za ndalama zake mpaka kakobiri komaliza. Wina anganene kuti kukhulupirira kwake koti mwana wamng'ono anamulanda mwamuna ndi kusokonezeka mutu. Ine ndingati ayi. Maganizo amenewo ndi okhota moopsa, koma ndi bodza lomwe munthu amadziuza kuti asayang'anizane ndi mlandu wake, ndipo timalimva kawirikawiri kwa amayi amene alibe matenda alionse: mwana wagwiriridwa ndi bambo womupeza, mayi nkumati mwanayo ndiye ankadzionetsa.

Kenako pali matenda ovutika maganizo, depression. Apa a Chifundo muli ndi mfundo. Kusatuluka m'nyumba, kusadzisamalira, kusagwira ntchito iliyonse, kupsa mtima msanga, zonsezi zikhoza kugwirizana nawo. Akanabwera kuchipatala ndikanamufunsa za tulo, za kudya, za mmene amadzionera, ngati anayamba waganizapo zodzipha. Koma depression payokha siituma munthu kuponya TV pa khanda. Amayi ambiri amene ndawaona ali ndi matendawa amadziimba mlandu kuti sakusamalira bwino ana awo, ena amalira kuti ana awo akanakhala bwino ndi mayi wina. Mary ndi wosiyana, mlandu wonse amauika pa mwana.

Chachitatu ndi chomwe madokotala amati personality disorder, pamene khalidwe la munthu kuyambira paunyamata limakhala louma, losasinthika, ndipo limawononga ubale wake ndi anthu onse. Anthu akamakambirana za Mary ambiri amathamangira ku borderline, chifukwa cha mantha ake osiyidwa yekha ndi ukali wosalamulirika, ena ku narcissistic chifukwa saona ululu wa wina aliyense koma wake. Sindikukana kuti zizindikiro zina zikufanana. Koma kuti tinene zimenezo timafunika mbiri ya munthu kuyambira ali wamng'ono, timafunika kucheza naye kangapo, kumva kwa abale ake. Filimu yatipatsa maola osakwana awiri, ndipo pafupifupi zonse tikuziona kudzera m'maso mwa Precious. Za ubwana wa Mary sitikuuzidwa. Ngakhale buku la World Health Organization la matenda, ICD-11, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2022, linasiya kugawa matendawa m'timagulu tambirimbiri monga kale, tsopano limayang'ana kwambiri kukula kwa vutolo. Ndiye mayina amene timaponyerana pa intanetiwa, akatswiri eni ake amawagwiritsa ntchito mosamala kuposa ife.

Tadala:
Zikomo mayi. Ndiye yankho lanu ndi loti sakudwala?

Mayi Nkhoma:
Yankho langa ndi loti akhoza kukhala ndi vuto lofunika chithandizo, koma vutolo silimuchotsera kudziwa zomwe akuchita. Munthu akhoza kudwala komanso kukhala wankhanza, zinthu ziwirizi nkukhala mwa munthu mmodzi popanda china kubala chinzake.

Yamikani:
Ine nkhaniyi imandikhudza mwa njira ina. Bambo anga akhala akumwa mankhwala a schizophrenia kuyambira ndili wamng'ono. Matenda akawayamba sagona, amayankhula okha, amaopa anthu amene palibe. Koma sanatimenyepo, ndipo ngakhale pa nthawi yovuta chomwe ankaopa kwambiri n'chakuti wina atipweteka ife ana awo. Pamene anthu aona mayi akuzunza mwana mufilimu nkufulumira kunena kuti "ameneyu ndi wamisala", amene amalipira ndi anthu ngati bambo anga. Aneba ankaletsa ana awo kubwera kwathu. Pamene m'dera lomwelo munali bambo wina wolemekezeka, mutu wake wabwinobwino, amene ankamenya ana ake ndi waya wa magetsi, ndipo kwa iyeyo ana ankapita kukasewera popanda woletsa. Akafukufuku akhala akupeza kuti anthu odwala kwambiri matenda a maganizo kawirikawiri ndi amene amachitiridwa nkhanza kusiyana ndi kuti iwo azichitira ena. Chonde tisamapereke nkhanza iliyonse yomwe yatizunguza mutu kwa odwala.

Chifundo:
Pepani achimwene, cholinga changa sichinali kunyoza odwala. Koma ndikufuna mundimvetse. Ndikati Mary ndi wodwala sindikuti alibe mlandu. Ndikuti pali chinachake chimene chinathyoka mwa iye. Mayi sabadwa akudana ndi mwana wake.

Lusungu:
Chinathyoka, inde, koma tiyang'anenso komwe akukhala. Filimuyi inachokera m'buku la Push la Sapphire, lomwe linatuluka mu 1996, ndipo mlembiyo anaphunzitsapo achinyamata kuwerenga ndi kulemba ku Harlem komweko. Harlem wa zaka za m'ma 1980 anali malo a umphawi waukulu, nyumba zowonongeka, mankhwala ozunguza bongo a crack, ndi Edzi yomwe inali itangoyamba kupha anthu. Mary alibe ntchito, alibe maphunziro oti angadalire, moyo wake wonse wamangirira pa zinthu ziwiri: mwamuna ndi ndalama za boma. Precious kwa iye ndi amene anamulanda choyambacho, komanso ndi njira yopezera chachiwiricho. Nchifukwa chake sakufuna kuti apite ku sukulu ya Each One Teach One, komwe amaphunzitsa achinyamata otsalira kuwerenga ndi kulemba. Mwana akaphunzira achoka, akachoka ndalama zitha, wophika ndi wotumidwa asowa. Pamenepo ine ndikuona kuwerengera, osati kusokonezeka.

Ndiwonjezere kuti ku America komweko anthu akuda ena filimuyi sanaikonde. Mlembi Ishmael Reed anaidzudzula mu The New York Times mu 2010. Nkhawa ya odzudzula ambiri inali yoti ikulimbikitsa chithunzi chakale cha mayi wakuda waulesi wodyera boma, chomwe Ronald Reagan anachitchukitsa mu 1976 pa kampeni yake yofuna upulezidenti wa America. Ndiye tikamamuyeza Mary tizikumbukira kuti ndi munthu wolembedwa, ndipo anamulemba kuti atiopse.

Mphatso:
Umphawi tisaunamizire. Amayi osauka kuposa Mary alipo ambirimbiri ndipo amagona ndi njala kuti mwana adye. Uyu akukakamiza mwana kudya mang'ina a nkhumba omwe iye wawakana, chonsecho akumunyoza kuti ndi wonenepa.

Lusungu:
Sindikuti umphawi ndiwo unamuchititsa. Ndikuti ukutithandiza kuona chomwe ankapindula nacho pomusunga mwanayo pansi pa phazi lake.

Kondwani:
Ndibweretseko mbali ya malamulo pang'ono, poti ndi zomwe ndikuphunzira. Kukhoti funso silikhala loti "kodi munthuyu ali ndi matenda?" ayi. Muyeso wakale womwe mayiko ambiri otsatira malamulo a ku England anatengera ndi wa mlandu wa M'Naghten wa 1843. Umafunsa ngati pa nthawi yopalamula, chifukwa cha matenda a maganizo, munthuyo sankadziwa chomwe akuchita, kapena sankadziwa kuti ndi cholakwa. Munthu akhoza kukhala ndi kalata ya dokotala, akumwa mankhwala, koma nkupezeka wolakwa chifukwa ankadziwa. Pa Mary, umboni womwe anena a Nabanda uja, wa wigi ndi kunamiza mlendo, ndi womwe woimira boma pa mlandu angayambire. Amene akubisa chinthu akudziwa kuti ndi cholakwa.

Tadala:
Pali chinthu chomwe ndangochizindikira powerenga mayankho anu. Tonse tikufunsa za Mary. Palibe ndi mmodzi yemwe, ngakhale ine amene ndayambitsa, wafunsa ngati Carl ndi wodwala maganizo. Chonsecho iyeyo ndiye anagwiririra mwana wake kuyambira ali wamng'ono, kumupatsa mimba ziwiri, kumupatsiranso HIV. Kwa bambo tangovomereza kuti ndi munthu woipa. Kwa mayi tikufufuza matenda.

Nabanda:
Eya, ndipo chifukwa chake ndi chomwe anena a Chifundo chija, choti mayi sangadane ndi mwana wake. Tinakula tikumva zimenezo, ndiye tikakumana ndi mayi wankhanza mutu umakana, timafuna dzina la matenda kuti chikhulupiriro chathu chisagwe. Ine ndinaleredwa ndi mayi amene ankandimenya mpaka kutuluka magazi, nkundiuza kuti ndikanafa ndili khanda. Lamulungu ankavala yunifolomu ya chigwirizano, kuimba kutsogolo, anthu nkumabwera kudzapempha malangizo a banja. Nditakula ndinayesa kuuza achibale, yankho linali loti mwina ankadwala, kapena inali mizimu yoipa, uwakhululukire ndi mayi ako. Palibe amene anafunsa kuti nanga bwanji matendawo ankangogwira ine, osagwira alendo kapena abusa. Mawu oti "ankadwala" anagwiritsidwa ntchito ponditseka pakamwa. Nchifukwa chake funsoli sindilitenga mopepuka.

Mayi Nkhoma:
Pepani kwambiri mwanangu, ndipo zikomo polimba mtima kutiuza. Zimene mwafunsazo, zoti nkhanzazo zimagwera ndani komanso pa nthawi iti, ndi funso lomwe ifenso timafunsa pa ntchito.

Chifundo:
Pepani achemwali Nabanda. Koma ndiloleni ndibwerere pa chigawo chomaliza chija, mu ofesi ya Ms. Weiss, mayi wa zachisamaliro cha anthu yemwe anasewera Mariah Carey. Mary akulira, akufotokoza kuti Carl anayamba kugwira mwanayo ali ndi zaka zitatu, iye ali pabedi pomwepo. Akuti anamuuza kuti asiye koma sanamve, ndipo iye anangokhala chete. Kenako akufunsa kuti nanga iyeyo akanamukonda ndani. Ine pamenepo ndinaona munthu amene sanakondedwepo chibadwire. Sindikukhulupirira kuti mkazi amafika pochitira nsanje mwana wa zaka zitatu popanda iye mwini kuchitiridwa zoopsa ali wamng'ono.

Mayi Nkhoma:
Zikhoza kutheka, ngakhale filimu sikutiuza. Ndipo n'zoona kuti nkhanza za paubwana zimasiya mabala aakulu. Kafukufuku wa ACE ku America, wofufuza za mavuto a paubwana, wa mabungwe a zaumoyo a CDC ndi Kaiser Permanente, yemwe zotsatira zake zoyamba zinatuluka mu 1998 ndipo anakhudza anthu oposa 17,000, anaonetsa kuti mavuto a paubwana akachuluka, chiopsezo cha depression, uchidakwa ngakhale matenda a mtima chimakwera. Koma tisadumphe nkunena kuti wozunzidwa adzazunzanso. Joan Kaufman ndi Edward Zigler a ku yunivesite ya Yale atasanthula kafukufuku wosiyanasiyana mu 1987 anapeza kuti mwa anthu amene anazunzidwa ali ana, ndi pafupifupi mmodzi mwa atatu amene amadzazunza ana awo. Ambiri sachita. Precious yemweyo ndi umboni mufilimumo. Wachitiridwa zoposa zomwe tikuganizira kuti Mary anachitiridwa, koma Abdul akumuyamwitsa, kumuteteza ndi thupi lake pa masitepe paja, ndipo akulimbana kuti atengenso mwana wake woyamba.

Lusungu:
Pa chigawo chimenecho, Mo'Nique amene anasewera Mary anapata nacho mphoto ya Oscar mu 2010. Iye mwini ananena poyera kuti ali mwana anachitidwa nkhanza zogonana ndi mchimwene wake wamkulu, ndipo mchimweneyo anakavomera pa pulogalamu ya Oprah Winfrey chaka chomwecho. Ndiye amene akulira pa kanemayo ndi munthu wodziwa mmene wozunza amayankhulira. Mvetserani bwino kulirako. Mary sakunena kuti mwana wanga anamva ululu wotani. Chiganizo chilichonse chikubwerera kwa iye: mwamuna wanga, bedi langa, ndani andikonde ine. Ndipo wabwera ku ofesiko chifukwa akufuna Precious ndi khanda abwerere kunyumba, zomwe zikutanthauzanso kuti ndalama ziyambirenso kubwera.

Yamikani:
Ine chigawo chimenecho chinandiliza, ndipo sindichita nazo manyazi. Munthu ukhoza kumumvera chisoni Mary nkukhalabe wotsimikiza kuti Precious anachita bwino kutenga ana ake awiri nkutuluka, atamuuza kuti sadzamuonanso.

Mphatso:
Nanga akanakhala kuti wayezedwa nkupezeka ndi matenda, Precious akanayenera kubwerera kukamusamalira? Chifukwa kwathu kuno achibale akanatero: mayi ako akudwala, usawataye.

Mayi Nkhoma:
Ayi. Ngakhale dokotala atalemba dzina la matenda, mwana sabwezedwa m'nyumba yomwe akumenyedwa ndi kugwiriridwa. Chithandizo cha kholo ndi ntchito ya akuluakulu ndi achipatala, si ya mwana wa zaka 16 amene ali ndi ana awiri ndi kachilombo m'thupi. Ndipo matenda a khalidwe aja, ngati alipo, sachira ndi mapiritsi okha. Amafuna uphungu wa nthawi yaitali komanso munthu amene akuvomera kuti vuto lili mwa iye. Mary mpaka pomaliza akuloza chala mwana.

Poti nkhaniyi yafika pa za kwathu, amene mukudziwa mwana amene akuzunzidwa ku Malawi kuno, nambala ya 116 ndi yaulere, ndipo kupolisi kuli Victim Support Unit. Simufunika kudziwa kaye ngati khololo likudwala kapena ayi.

Chifundo:
Pa zoti Precious asabwerere ndikugwirizana nanu nonse. Pa zoti Mary ankadziwa zomwe akuchita, a Kondwani ndi a Nabanda mwandigonjetsa ndi nkhani ya wigi ija. Koma ine ndikhalabe pa mfundo yanga yoti mayi uja ankafunika kuonedwa ndi achipatala zaka zambiri m'mbuyomo, mwana asanafike zaka zitatu. Mwina zikanasintha kanthu, mwina ayi.

Kondwani:
Amene ankafunika kuonedwa msanga ndi apolisi ndi Carl. Ndipo mtsikana anabereka mwana woyamba ali wamng'ono kwambiri, sukulu inali kumuona akukula osadziwa kuwerenga, a zachisamaliro ankabwera pakhomo. Maofesi onsewa anadutsa pa mwanayu kwa zaka asanafunse funso loyenera.

Nabanda:
Muwonjezerepo agogo. Tsiku la wigi lija anali m'chipinda momwemo. Anabweretsa mwana kuti bodza liyende, anamva mlendo akunamizidwa, anaona mdzukulu wawo akutukwanidwa mlendo atatuluka, ndipo sanauze aliyense. Agogo aja palibe amene angati ndi odwala maganizo. Ine ndikufuna tikambirane za iwowo, chifukwa m'mabanja ambiri amene ndikuwadziwa, anthu ngati agogo aja ndi ochuluka kuposa anthu ngati Mary.

Tadala:
Tiyambitse ulusi wina wa agogowo, uno watalika. Ndiulemba madzulo ano ndikaweruka kuntchito.